Miyala ya m'chitsime cha Jailos

Tisiyenji wapanga gulu "miyala ya Jailos"
Tisiyenji waika Benedicto ndi Nedson

LOLEMBA

Tisiyenji 06:12
a Benedicto dimba langa lapita chfkw cha pakamwa panu. ndikunenera pano alamu anga a Nedson akumva, wina asadzati ndimalankhula kumbali

Tisiyenji 06:15
munabwera june ndi kanyundo kanu, amuna anga a Jailos ali moyo. munati mukuphunzira za miyala ku yunivesite. anakupatsani miyala itatu yakuda ya mchitsime chathu, ine ndinakudulirani nzimbe. munakhoma chikhomo chofiira pa dimba nkumapita

Tisiyenji 06:17
kenako munatumiza voice kwa a Nedson yoti mmiyala muja muli mafuta. lero a Jailos ali kumanda, dimba atchinga ndi minga, ine loweruka akundisudzula ndizipita kwathu ku Kabudula

Tisiyenji 06:17
mwamva?

Nedson 06:44
alamu mwadzuka bwnj. kkkk mpaka group? fon ya mwana wanu Ursula ija mwaidziwa msanga eti

Tisiyenji 06:45
sindinadzuke. ndidzuke ndikathirire kuti

Nedson 06:49
palibe walanda munthu kanthu. dimba lija ndi la amayi athu, achimwene ankangolimapo. inu munabwera chitengwa. mwamuna akapita mkazi amasudzulidwa, mwambo sindinayambitse ine

Tisiyenji 06:53
🎤 mawu 0:41
"Mwambo uti, alamu? Tsitsi munandimeta lija silinamere n'komwe. Amake Nancy amuna awo anamwalira ine ndikuyamwitsa, mpaka lero ali pamudzi pompano, akulima, akudya. Bwanji iwo simunawasudzule? Ndikuuzeni ine. Kudimba kwawo kulibe chikhomo chofiira. Chitsime chija a Jailos akukumba, dothi ndinkatulutsa ndine ndi ndowa. Inu munali kuti? Pa bawo."

Nedson 07:02
🎤 mawu 0:29, otumizidwa kuchokera kwa Benedicto
"Bambo Nedson, muwauze bambo Jailos poti iwo alibe WhatsApp. Miyala ija ndayesa koyamba. Eeh, zikusangalatsa. Kaboni ndi wambiri, ndipo makina akuonetsa ngati muli mafuta ndithu. Musauze anthu kaye, tiyesenso. Koma pamalopo musamalepo."

Nedson 07:02
mwamva alamu? musamalepo. ine ndikungosamalapo basi

Tisiyenji 07:05
anatinso musauze anthu. inu munaiimba voice imeneyi pasiwa, mtembo wa achimwene anu uli mnyumba. azibambo onse kuzungulira fon ngati mpira

Nedson 07:06
BP alamu, BP

Tisiyenji 12:38
a Benedicto timizere tasanduka blue. Ursula anandiuza tanthauzo lake. mwawerenga

Tisiyenji 17:20
matimati akupsa mkati mwa minga ine ndikuwaonera kunja ngati mbuzi. lankhulani

LACHIWIRI

Benedicto 08:31
mayi pepani kwambiri. za imfa ya bambo Jailos sindinamve, ndadziwira pano. mzimu wawo uuse mumtendere

Tisiyenji 08:33
pepani wanu sindingathirire. mafuta alipo kapena palibe

Benedicto 08:34
palibe mayi

Nedson 08:35
aaa

Benedicto 08:42
🎤 mawu 1:36
"Ndifotokoze bwinobwino, nonse mumve. Mafuta a pansi sapezeka paliponse. Amachokera m'mwala umene kalekale unali matope a pansi pa nyanja, osakanizika ndi tizilombo ndi ndere zakufa. Matopewo akakwiririka n'kutenthedwa pang'onopang'ono, mwalawo umatulutsa mafuta. Ndiye ife timatenga mwala, timaupera, timayesa kaboni amene alimo. Kenako timautenthetsa m'makina kuti tione ngati utulutse utsi wa mafuta. Miyala ya bambo Jailos koyamba inatulutsa. Ine ndinasangalala, ndinaganiza kuti mwina pansi pa dambo lanu pabisala miyala ngati ya ku Karonga kapena ku Chikwawa. Koma kachiwiri ndinayamba ndaitsuka ndi mankhwala, ndiye nditaitenthetsa sipanatuluke kanthu. Mafuta aja anali kunja kwa mwala, osati m'kati. Titawayesa paokha, anaoneka kuti ndi oyilo wa injini."

Benedicto 08:43
mayi kodi pa chitsime paja panafikako oyilo?

Tisiyenji 08:47
mitengo ya bulugamu yotchinga chitsime kuti chisagumuke a Jailos anaipaka oyilo wakuda wa kuchigayo. chiswe. miyala yanuyo anaiunjika pa mitengo pomwepo

Benedicto 08:48
ndi umenewo ndthu

Tisiyenji 08:50
oyilo wa chiswe. ndikuchoka pamudzi chfkw cha oyilo wa chiswe

Tisiyenji 08:51
munadziwa liti zimenezi

Benedicto 08:58
august

Tisiyenji 08:59
mwezi womwe a Jailos anamwalira. voice yoyamba inathamanga ngati njinga ya kabaza, yachiwiri inathyoka mwendo?

Benedicto 09:03
ndinachita manyazi mayi. ndimati nkhani yazizira yokha

Nedson 09:15
kkkk koma nkhani iyi. july mafuta alipo, october mafuta asowa. alamu mnyamatayu mwamulonjeza gawo lanji?

Tisiyenji 09:16
ndimulonjeza chani, chitenje?

Nedson 09:20
ife sitinapite ku yunivesite koma sitinabadwe dzulo. wa kampani aliyense amayamba ndi kunena kuti palibe kanthu. mukagona mumadzuka magalimoto afika

Benedicto 09:24
bambo ine si wa kampani. ndine student. malo anuwo mafuta sangapezeke, miyala ya kuno konse inapsa kale kwambiri pansi. zili ngati mtedza wopserera mchiwaya mpaka kusanduka makala, olo muufinye bwanji mafuta satuluka

Tisiyenji 09:25
mwamva alamu. makala. kachotseni minga

Nedson 09:31
dikirani. achimwene a student, munati kaboni ndi wambiri. nayenso anali wa kuchigayo?

Benedicto 09:33
ayi kaboniyo ndi wa mwala weniweni. koma si wa mafuta, ndi graphite. zakuda zija za mkati mwa pensulo

Tisiyenji 09:33
basi lekerani pomwepo

Nedson 09:34
graphite?

Nedson 09:34
ija akuikamba kuti atsegula mgodi ku Kasiya?

Tisiyenji 09:35
a Benedicto ndati lekani

Benedicto 09:39
mtundu wake ndi womwewo koma bambo plz mvetsetsani. miyala itatu siinena kanthu. graphite kuno imapezeka malo ambiri, si paliponse pomwe angakumbe. mwina ndi kamzere kochepa chabe

Nedson 09:40
mwina. kapena mwina ndi yambiri eti

Benedicto 09:41
sindingadziwe popanda kuboola pansi

Nedson 09:43
zkm kwambiri achimwene, Mulungu akudalitseni pa maphunziro. alamu loweruka 9 koloko. a kwanu tawatumira kale uthenga

Nedson wachoka pa gulu

Tisiyenji 09:46
🎤 mawu 0:22
"Iwe. Iwe mwana iwe. Ndinakuitana kuti udzathire madzi pamoto, iwe wabwera ndi palafini. Anakufunsa ndani za pensulo? Ukanangoti palibe n'kutseka pakamwa, ukanafa?"

Benedicto 09:52
anandifunsa mayi. sindikanatha kunama

Tisiyenji 09:53
group ndinapanga ndekha ndi manja angawa. ndadzikumbira ndekha

LACHITATU

Benedicto 07:40
mayi mwadzuka bwnj. ndaganiza. malamulo salola kuthamangitsa mayi wamasiye. pitani ku polisi kapena ku khoti, akuthandizani

Tisiyenji 08:26
🎤 mawu 0:58
"Mwaganiza. Tamverani nanunso. Ine pamudzi pano ndinafika ndili mtsikana, mano onse ali m'kamwa. Ana anga awiri ali kumanda a pano. A Jailos ali pomwepo. Ine malo anga ndinawaona kale, pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Ndikawatengera a Nedson ku polisi, tsiku langa likadzafika manda adzakumba ndani? Adzukulu onse ndi abale awo. Woweruza wa kukhoti adzabwera ndi khasu? Mukhoza kuwina mlandu n'kukhala m'nyumba yopanda wokupalira moto. Zimenezo ku yunivesite sanakuphunzitseni."

Benedicto 08:35
ndamva mayi. nanga Ursula sangakutengeni?

Tisiyenji 08:38
Ursula ali mchipinda chimodzi cha lendi ku Lilongwe ndi mwamuna ndi ana. ndikagona pa mbaula? ku Kabudula munda wa amayi anagawana kale ana a achemwali anga. anandiwerengera kuti ndine wa ku Nsaru. kuno akuti ndine wa ku Kabudula

Tisiyenji 08:39
chomwe ndikufuna ndi chimodzi. loweruka mubwere

Benedicto 08:44
nditha kujambula voice ina yomveka bwino, muwaimbire akuluakulu

Tisiyenji 08:46
voice ndi imene inatipha. munabwera ndi miyendo kudzatenga miyala, bwerani ndi miyendo kudzabweza mawu. muime pamaso pa amalume awo a Nedson, muzule chikhomo chanu ndi dzanja lanu, munene kuti pansi apa palibe chogulitsa

Tisiyenji 08:47
madala aja fon sakhulupirira koma munthu wovala nsapato amamumvera

Benedicto 09:10
ndiyesetsa mayi. ndilankhule kaye ndi supervisor wanga

Tisiyenji 09:11
ameneyo ndi ndani, amalume anu?

Benedicto 09:12
aphunzitsi oyang'anira ntchito yanga. za voice ija sakudziwa

Tisiyenji 16:05
📷 chithunzi

Tisiyenji 16:06
onani. ana a Nedson akuthyola matimati anga mmabeseni. mbeu ndinafesa ine a Jailos ali pa mphasa akubuula. makheni anga othirira omwe ali mkati momwemo

Tisiyenji 16:07
mwalankhula nawo?

LACHINAYI

Tisiyenji 06:30
mwalankhula nawo?

Tisiyenji 11:14
kwabwera anthu awiri a njinga yamoto, a Nedson akuwaonetsa chitsime. wina watola mwala wapaka pa dzanja akuseka. mawu anu a pensulo afika kale pa Nsaru

Tisiyenji 11:15
dzulo ankati mafuta lero akuti galafaiti. ana akuimba mumsewu

Tisiyenji 14:52
📞 kuimba kosayankhidwa

Tisiyenji 14:55
📞 kuimba kosayankhidwa

Benedicto 18:10
sorry mayi ndinali mu lab, fon sitilowa nayo. mawa ndikuuzani

LACHISANU

Benedicto 10:22
mayi ndalankhula nawo. akwiya kwambiri. akuti kutulutsa zotsatira zisanatsimikizike ndi mlandu, ndikapitanso kumudzi kukalankhula za malo popanda chilolezo andichotsa pa program

Tisiyenji 10:24
ndiye

Benedicto 10:29
ndiye sinditha kubwera. kmanso mayi olo ndikanabwera, mawu oti palibe chogulitsa sindingawanene. za mafuta ndingalumbire kuti palibe. za graphite sindikudziwa. ndikanena kuti palibe ndiye kuti ndanama

Tisiyenji 10:31
bodza loyamba linatuluka losavuta bwanji

Benedicto 10:32
silinali bodza mayi. ndinalakwitsa

Tisiyenji 10:33
kwa ine zikusiyana pati

Tisiyenji 10:40
🎤 mawu 1:12
"A Jailos tsiku limene anamva voice yanu sanadye. Anakhala pakhonde akuseka okha. Amvekere, Tisiyenji, ukalamba pa matilesi iwe. Anayamba kudwala ali ndi mawu amenewo m'kamwa. Kuchipatala ndikuwatembenuza, iwo akufunsa kuti mnyamata wa miyala uja waimba? Ine ndinkati aimba, aimba. Inu nthawi imeneyo mukudziwa kale kuti ndi oyilo wa chiswe, muli phee ndi manyazi anu. Munthu anapita akuganiza kuti wandisiyira chuma. Wandisiyira minga. Tsopano inu mukuopa kuchotsedwa. Kuchotsedwa mukukudziwa inu? Bwerani mawa mudzaone mmene amachotsera munthu."

Benedicto 10:58
ndilibe mawu mayi

Tisiyenji 10:59
lero mulibe. july munali nawo ambiri

Tisiyenji 11:20
chabwino. ndibwezereni miyala ya amuna anga. anaiswa okha ndi chitsulo pansi pa chitsime, manja bii ngati wootcha makala. itatu. muitumize pa minibus ya ku Nsaru

Benedicto 11:34
mayi miyala ija tinaipera kukhala ufa, wambiri tinautentha mmakina. watsala wochepa mkabotolo, mwina supuni imodzi. kali mu kabati ya lab, kali ndi nambala

Tisiyenji 11:35
nambala

Benedicto 11:36
eya, ndi sample ya research, siituluka wamba

Tisiyenji 11:38
wamba ndi ine

LOWERUKA

Tisiyenji 07:48
achimwene anga afika kuchokera ku Kabudula. akuti tisakangane nawo, eni mudzi ndi eni mudzi

Tisiyenji 08:41
mphasa ayala pansi pa mango. ndikuyang'ana ku msewu

Tisiyenji 08:55
kwadutsa njinga yamoto ndimayesa ndinu. anali wogulitsa usipa

Benedicto 09:07
ndikukupemphererani mayi 🙏

Tisiyenji 09:08
timanja timeneto mukanakwera nato minibus

Tisiyenji 12:26
🎤 mawu 1:04
"Zatha. Ndinawaimbira voice yanu ya oyilo wa injini ija. Amalume awo anamvera mpaka kumapeto, amvekere, mwanayu akulankhula bwino, koma ngati palibe kanthu bwanji sanabwere yekha? A Nedson anangotulutsa foni n'kuwerenga paja munati sindingadziwe popanda kuboola. Basi. Andiikira kandalama m'mbale, akuti mayi takumasulani, munatisungira bwino m'bale wathu. Azimayi mpaka nthungululu. Akuti nyumba ndikhalemo mpaka ndipeze ngolo, poti iwo si anthu oipa. Dimba akuti ndi la mbumba. Nthochi zanga zomwe, nzimbe zomwe munadya zija."

Benedicto 13:15
pepani mayi

Tisiyenji 13:16
ndinafunsa za malo anga a pa mkuyu. akuti wosudzulidwa amakaikidwa kwawo

Tisiyenji 13:16
a Jailos agona okha

LAMULUNGU

Tisiyenji 15:30
ndinalowa pa minga anthu ali ku tchalitchi. miyendo yonse magazi. chikhomo chanu ndazula, chili mchitenje muno. chinalowa pansi pang'ono chabe, mwana akanatha kuchizula

Tisiyenji 15:33
chitsime achiphwetsa. akumba mmbali kufuna miyala yakuda, mitengo ija achotsa, chagumukira mkati. madzi ake matope okhaokha

Tisiyenji 15:34
ndimati nditapeko dothi pang'ono ndimange pa nsalu. mwana wa a Nedson anandiona, akuti amayi aakulu siyani, adadi anati pasachoke kanthu

LACHIWIRI

Tisiyenji 06:50
ngolo yafika. mphasa, mapoto, khasu la a Jailos, nkhuku mdengu. zaka zonse zija zakwana mngolo imodzi malo nkutsala

Tisiyenji 06:58
a Benedicto tamverani. pa dimba lonse lija, chomwe a Nedson sanatchinge ndi minga ndi supuni imodzi ili mkabati mwanu. munda wanga watsala ndi umenewo

Tisiyenji 06:59
sindikupempha. anaswa ndi amuna anga, ndowa ndinakoka ndine. nambala yanuyo muimate pa chikhomo chanu, ndikupatsani tisinthane

Tisiyenji 09:42
tadutsa pa Nsaru. network ikuvuta kutsogoloku

Tisiyenji 09:43
mubweretsa kabotoloko ku Kabudula kapena ndibwere ndekha ndidzakhale pa geti ya sukulu yanuyo ndi mutu wometawu mpaka supervisor wanu andifunse dzina?

Tisiyenji 10:31
timizere tasanduka blue

Tisiyenji 10:31
ndikukuonani

Tisiyenji 10:32
ndiyankheni